Mbiri ya Durmugam: zimene Stanner analemba za munthu mmodzi wa ku Daly River

M'chaka cha 1960 ku America kunatuluka buku limene akatswiri 20 ofufuza za chikhalidwe cha anthu analembamo, aliyense za munthu mmodzi amene anamudziwa bwino pa nthawi ya kafukufuku wake. Mutu umene analemba William Edward Hanley Stanner wa ku Australia unali wonena za Durmugam, mwamuna wa mtundu wa Nangiomeri wa ku Daly River, kumpoto kwa dzikolo, amene anali atangomwalira mu 1959. Nkhaniyo si yaitali, koma mpaka lero imawerengedwabe m'mayunivesite a ku Australia, ndipo amene akufuna kumvetsa mmene Aaborijini, eni dziko oyambirira a Australia, ndi azungu ankakhalira m'zaka za m'ma 1930 kawirikawiri amayambira pamenepo. Chifukwa chake n'chakuti pa nthawi imene ofufuza ambiri ankalemba za mitundu, za maukwati ndi za miyambo ngati kuti anthu ake alibe nkhope, Stanner analemba za munthu wokhala ndi dzina, waukali wake, wanthabwala zake, wamilandu yake ndiponso wachisoni chake.

Aaborijini akhala mu Australia kwa zaka zosachepera 50,000, ndipo pamene zombo za Angerezi zinakocheza pa Sydney mu Januwale 1788 anali kulankhula zinenero pafupifupi 250. Atsamunda anatenga dzikolo popanda pangano lililonse ndi eni ake, ndipo malamulo awo ankaona ngati nthakayo inalibe mwini. Matenda achilendo, kulandidwa kwa malo osakako nyama ndi otungako madzi, komanso kuphedwa ndi mfuti, zinachepetsa anthuwa kwambiri moti pofika m'zaka za m'ma 1920 anali osakwana 100,000. Azungu ambiri, ngakhale amene ankadzitcha achifundo, ankakhulupirira kuti mtunduwu ukutha ndipo palibe chimene chingachitike. Ofufuza nawonso ankathamangira kumidzi yakutali ndi maganizo omwewo, kuti akalembe miyambo eni ake asanathe. Kupha kunali kusanaleke: mu 1928 ku Coniston, m'chigawo cha Northern Territory, momwenso muli Daly River, gulu lotsogozedwa ndi wapolisi linapha Aaborijini amene boma lenilenilo linavomereza kuti anali 31, ndipo bungwe lofufuza nkhaniyo linagamula kuti ophawo sanalakwe.

Stanner anabadwira ku Sydney mu 1905. Asanakhale wofufuza anali mtolankhani, ndipo zimenezi zimaoneka m'kalembedwe kake, chifukwa ankadziwa kuona chinthu n'kuchifotokoza mosazungulira. Anaphunzira pa yunivesite ya Sydney pansi pa A.R. Radcliffe-Brown, kenako ku London pa nthawi imene Bronislaw Malinowski ankaphunzitsa kumeneko, mphunzitsi amene anaphunzitsanso Jomo Kenyatta ndi Margaret Read, yemwe anafufuza za Angoni a ku Nyasaland. Anagwirapo ntchito pakati pa Akamba ku Kenya ndiponso pa Makerere ku Uganda. Koma ulendo umene unaumba maganizo ake unali woyamba uja wa mu 1932, pamene anafika ku Daly River, mtunda wa makilomita pafupifupi 200 kumwera kwa Darwin, ali ndi zaka 26.

Anapita akuyembekezera kupeza mitundu yokhala m'dziko la makolo awo motsata miyambo yakale. Zimene anapeza zinali zina. Dera la mtsinjewo linali litasokonezeka kale kwa zaka pafupifupi 50. Mu 1884 azungu anayi a pa mgodi wa kopa anaphedwa, ndipo pobwezera apolisi ndi anthu wamba anapha Aaborijini ochuluka, osasankha wolakwa ndi wosalakwa. Ansembe a chipani cha Yezuiti anatsegula mishoni mu 1886 n'kuisiya mu 1899 madzi atasefukira. Pamene Stanner ankafika, m'mbali mwa mtsinje munali alimi ochepa a mtedza, azungu ndi Matchaina, ambiri a iwo osauka kwambiri, ndipo mozungulira minda yawo munali misasa ya zotsalira za mitundu yambiri, monga Malak Malak, Marrithiyel, Wagiman ndi Nangiomeri, ina mwa iyo itachoka kutali ndi kwawo. Mlimi sakanalima popanda manja a Aaborijini, ndipo Aaborijini anali atazolowera fodya, tiyi, shuga ndi ufa zimene akanazipeza kwa mlimi yekha. Malipiro kawirikawiri anali zinthu zomwezo, ndipo chaka chikavuta ngakhale zimenezo zinkasowa. Onse ankadalirana, onse ankanyozana, koma mfuti, wapolisi ndi khoti zinali mbali imodzi yokha.

Madzulo ena a nyengo yozizira Stanner anaona amuna a pa msasa woyandikana ndi wake atadzipaka dothi lamitundumitundu, atanyamula mikondo ndi timitengo toponyera mikondoyo, akutsetserekera kumunsi kwa mtsinje mwakachetechete. Anawatsatira ndi kamera yake ndipo anapeza amuna oposa 100 ataima mizere iwiri moyang'anizana akuponyerana mikondo, akazi akufuula cha m'mbali. Poyamba zinkaoneka ngati chipwirikiti, koma atayang'anitsitsa anazindikira kuti nkhondoyo inali ndi malamulo ake: aliyense ankadziwa amene akulimbana naye, ndipo dzuwa litapendeka zonse zinatha popanda wakufa, ngakhale ambiri anavulala. Pakati pa onsewo panali mwamuna mmodzi wathupi lamphamvu amene mikondo inkamuwirira kuposa anzake, koma iye ankangoizinda ndi kuiphera pambali mosatekeseka. Nkhondo itatha mwamunayo anabwera akumwetulira n'kufunsa mlendoyo mwaulemu ngati nkhondoyo yamusangalatsa. Ameneyo ndiye anali Durmugam. Azungu a m'deralo ankamutcha Smiler chifukwa cha kumwetulirako, ndipo ankamuona ngati chigawenga choopsa kuposa onse.

Ubwenzi wawo unapitirira, modukizadukiza, kwa zaka zoposa 25. Stanner anabwererako mu 1934 ndi 1935, kenako kangapo m'zaka za m'ma 1950, ndipo pang'onopang'ono anasonkhanitsa mbiri ya mnzakeyo. Durmugam anabadwa cha m'ma 1895. Ali mwana, anthu a mtundu wake anamva za mgodi wa golide wa ku Fletcher's Gully kumene kunali Matchaina ndi katundu wachilendo, ndipo anasamukira kumeneko osabwereranso kudziko lawo. Anakula akuyendayenda, akugwira ntchito zosiyanasiyana kwa azungu, mpaka anafika kudera la Victoria River kumene analowetsedwa m'mwambo waukulu wachinsinsi umene unkafalikira kumpoto pa nthawiyo. Mwambo umenewo ndiwo unamupatsa pogwira. Munthu amene anakula dziko la makolo ake litatayika, ndi abale ake ambiri atamwalira, anadzakhala mmodzi wa osunga malamulo a makolo molimba kuposa onse ku Daly River. Apa ndi pamene nkhaniyi imasiyana ndi zimene owerenga a nthawiyo ankayembekezera, chifukwa kukhulupirika kwa Durmugam ku mwambo sikunali kwa munthu amene sanaonepo zachizungu, koma kwa munthu amene anaziona bwinobwino n'kusankha.

Stanner sanabise zoipa. Analemba kuti Durmugam anavomera kuti anaphapo anthu anayi, onse Aaborijini anzake, ndipo anafotokoza mmene imfazo zinkakhudzirana ndi kubwezera imfa za abale komanso ndi mantha a ufiti amene anali atagwira misasa yonse. Anthu ankafa kwambiri ndi matenda, ndipo imfa iliyonse inkafunika woiyambitsa. Mitundu imene kale inkakhala motalikirana tsopano inali yothithikana pa minda ya mtedza, ikukayikirana, moti usiku munthu sankayerekeza kutalikira moto ali yekha. Wolemba wofuna kungoteteza mnzake akanasiya mbali imeneyi, ndipo wolemba wofuna kusangalatsa atsamunda akanalemba yokhayo. Stanner anaika zonse pamodzi, kuti munthu yemweyo amene anapha mwachinyengo analinso wofatsa, wosaba, wolimbikira ntchito, ndiponso wosadzichepetsa pamaso pa mzungu aliyense.

Pali mfundo imodzi ya Stanner imene imafunika kuiwerenga mosamala. Iye ananena kuti si Aaborijini onse amene anathamangitsidwa m'dziko lawo ndi mfuti, koma kuti ambiri anapita okha kumene kunali azungu, atakopeka ndi fodya ndi tiyi komanso ndi chidwi chofuna kuona zatsopano. Cholinga chake chinali chabwino, chifukwa ankafuna kuonetsa kuti anthuwa ankaganiza ndi kusankha, sanali zinthu zongokankhidwa. Komabe mfundoyi ikachotsedwa pamalo pake imasanduka chida cha amene amafuna kunena kuti eni nthaka anaisiya okha. Munthu amene wasamuka chifukwa ng'ombe za mlendo zawononga chitsime, anansi ake atha ndi matenda, ndipo palibenso okwanira kuchita mwambo kapena kukwatirana nawo, wasankhadi, koma wasankha pakati pa zinthu zimene wina wamusiyira. Kuwerenga mbiri ya Durmugam yonse kumaonetsa zimenezi momveka kuposa mmene mfundo ija payokha imaonetsera.

Mbali yopweteka kwambiri ya nkhaniyi ndi ya ukalamba wake. M'zaka za m'ma 1950 boma, motsogozedwa ndi nduna Paul Hasluck, linali ndi mfundo yakuti Aaborijini asungunukire m'chikhalidwe cha azungu. Lamulo la mu 1953 linaika pafupifupi Aaborijini onse a mu Northern Territory m'gulu la anthu oyang'aniridwa ndi boma ngati ana, ndipo akuluakulu a boma ndiwo ankalamula za ntchito, malipiro, kuyenda ndi ukwati wawo. Ku Daly River mishoni ya Katolika inatsegulidwanso mu 1955. Achinyamata anayamba kugwira ndalama ndipo anasiya kuopa akuluakulu, podziwa kuti nkhalamba ikaponya mkondo wapolisi abwera. Mkazi wamng'ono wa Durmugam, amene ankamukonda kwambiri, anathawa ndi mwana wa mkazi wake woyamba, chimene mwa malamulo a kwawo chinali chipongwe chosaneneka. Kale akanadziwa chochita. Tsopano lamulo la azungu linali litamumanga manja, koma silinafune kumuweruzira mlandu wake, chifukwa kwa ilo panalibe mlandu. Anamwalira ndi khansa mu 1959 nkhaniyo isanakonzeke.

Apa ndi pamene wowerenga wa lero ayenera kufunsa kuti mawu amene akumva ndi a yani. Nkhani yonse yalembedwa ndi Stanner, m'Chingerezi chosalala cha munthu wophunzira, pamene awiriwo ankalankhulana kwambiri m'Chingerezi chosweka cha m'minda ndi m'makola a ng'ombe. Mawu enieni a Durmugam ndi ochepa. Stanner ndiye anasankha zolemba ndi zosiya, ndiye anayerekeza zimene zinali mumtima mwa mnzakeyo, ndipo mwiniwake sanakhale ndi moyo kuti amve zimene zinasindikizidwa. Za akazi timamva zochepa kwambiri kuchokera kwa iwo eni. Mkazi wothawa uja timamuona ngati chimene nkhalamba inataya, pamene n'kutheka kuti iye akanafotokoza nkhani ina yokhudza ukwati umene mtsikana sanaufune. Vuto limeneli silinali la Stanner yekha, chifukwa wofufuza wamwamuna sankaloledwa kufika pa zambiri za akazi, ndipo panafunika anthu ngati Phyllis Kaberry, amene anafufuza ku Kimberley m'zaka zomwezo za m'ma 1930, kuti aonetse kuti akazi achiaborijini anali ndi miyambo ndi ulamuliro wawo. Kunena zimenezi si kuchepetsa ntchito ya Stanner. Ndi kuizindikira monga umboni wa mnzake wa Durmugam amene anali mzungu, wokhala ndi ufulu wokwera galimoto n'kubwerera ku yunivesite, pamene Durmugam ankafunika chilolezo pa zinthu zambiri za moyo wake.

Zimene Stanner anaona ku Daly River zinamutsatira m'ntchito zake za boma. Mu 1961 anatsogolera msonkhano umene unabala bungwe lofufuza za Aaborijini, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1964 ndipo lero limadziwika kuti AIATSIS. Pa 27 Meyi 1967 anthu oposa 90 pa 100 alionse anavota pa referendamu kuti Aaborijini aziwerengedwa pa kalembera wa dziko ndiponso kuti boma lalikulu likhale ndi mphamvu zowapangira malamulo, ndipo pambuyo pake Stanner anasankhidwa, pamodzi ndi H.C. Coombs ndi Barrie Dexter, kukhala m'khonsolo yolangiza boma pa nkhani za Aaborijini. Khonsoloyo inali ya azungu atatu, ndipo zimenezi zokha zikuonetsa mmene zinthu zinalili.

Mu 1968 wayilesi ya ABC inamupempha kuti akambe nkhani zake zapachaka zotchedwa Boyer. M'nkhani yachiwiri anatenga mabuku a mbiri ya Australia amene anali kuwerengedwa kwambiri, olembedwa kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 mpaka pakati pa zaka za m'ma 1950, n'kuonetsa kuti ambiri sankatchula n'komwe Aaborijini, kapena ankawatchula m'mutu woyamba pamodzi ndi nyama ndi mitengo kenako n'kuwaiwala. Ananena kuti kuiwala kwa mtundu umenewu sikungakhale kwangozi. Anakuyerekeza ndi zenera limene mmisiri waliika mwadala pamalo oti woyang'ana panja asaone mbali imodzi yonse ya dziko, ndipo anati zimene zinayamba ngati kungonyalanyaza zinasanduka chizolowezi, kenako zinakhala ngati chipembedzo cha kuiwala chimene dziko lonse linkatsatira. Mawu ake onena za kukhala chete kwakukulu kwa Australia anakhazikika, ndipo akatswiri a mbiri achinyamata, makamaka Henry Reynolds, anayamba kufufuza m'makalata akale a boma ndi m'nyuzipepala za nkhondo za m'malire a atsamunda.

Koma amene anali chete anali azungu okha. Pa 26 Januwale 1938, pamene dziko linkakondwerera zaka 150 za utsamunda, William Cooper, Jack Patten ndi William Ferguson anatsogolera Aaborijini pa tsiku la maliro ku Sydney. Mu 1963 anthu a mtundu wa Yolngu a ku Yirrkala anatumiza ku nyumba ya malamulo madandaulo omatidwa pa makungwa ojambulidwa, okana mgodi m'dziko lawo. Mu Ogasiti 1966 Vincent Lingiari anatsogolera abusa a ng'ombe a mtundu wa Gurindji kunyanyala ntchito pa famu ya Wave Hill, ndipo posakhalitsa zinadziwika kuti chimene ankafuna si malipiro okha koma nthaka. M'mabanja, nkhani za malo amene anthu anapheredwa ndi za ana amene boma linalanda zinkafotokozedwa mibadwo ndi mibadwo. Chimene Stanner anachita n'chakuti ananena zinthuzi pa wayilesi ya boma, m'mawu a pulofesa amene azungu anzake sakanamunyoza mosavuta.

Malire a mphamvu za katswiri anaonekera m'khoti. Ayolngu atasumira kampani ya Nabalco chifukwa cha mgodi uja ankaukana, wa ku Gove, Stanner ndi Ronald Berndt anapereka umboni wofotokoza mmene mabanja achiaborijini amagwirizanirana ndi nthaka yawo. Mu 1971 woweruza Richard Blackburn anavomereza kuti Ayolngu anali ndi dongosolo lenileni la malamulo, koma anagamula kuti malamulo a Australia sazindikira umwini wawo wa nthaka. Mlanduwo unalephera, ngakhale unatsegula njira, chifukwa loya wa Ayolngu, Edward Woodward, ndiye anadzatsogolera bungwe limene malangizo ake anabala lamulo la nthaka la mu 1976, ndipo lero pafupifupi theka la Northern Territory lili m'manja mwa Aaborijini. Pansi pa lamulo limeneli mibadwo ya makolo, mayina a malo ndi mbiri za anthu zimene ofufuza analemba m'makope awo zinasanduka umboni wa m'milandu ya nthaka. Stanner anamwalira mu 1981, zaka 11 khoti lalikulu lisanagamule pa mlandu wa Mabo kuti nthaka ya Australia inali ndi eni ake.

Kalembedwe ka mbiri za anthu nakonso kanasintha. Jeremy Beckett, amene anakumana ndi George Dutton, mbusa wa ng'ombe wachiaborijini, ku Wilcannia mu 1957, anadzalemba za moyo wake potsata malo amene mwiniwakeyo ankatchula, ndipo pambuyo pake anajambula pa tepi mbiri ya Myles Lalor imene inasindikizidwa mu 2000 m'mawu a Lalor yemwe. Makina ojambulira mawu anachititsa kuti wofotokoza amveke mmene amalankhulira, ndipo dzina lake linayamba kuoneka pachikuto. Aaborijini ena, monga Charles Perkins mu 1975 ndi Margaret Tucker mu 1977, anatulutsa mbiri za moyo wawo popanda kudikira wofufuza. Panabukanso funso la zimene siziyenera kulembedwa n'komwe. Mu 1976 akuluakulu a mtundu wa Pitjantjatjara anapita kukhoti n'kuletsa kugulitsidwa mu Northern Territory kwa buku la Charles Mountford, chifukwa linaulula zinsinsi za miyambo zimene anamuuza pomukhulupirira zaka zambiri m'mbuyomo. M'madera ambiri dzina la womwalira silitchulidwa kwa nthawi ndithu, n'chifukwa chake mawayilesi a kanema a ku Australia amachenjeza owonera asanaonetse zithunzi za Aaborijini amene anamwalira. Makope a Stanner akusungidwa ku AIATSIS mumzinda wa Canberra, kumene zolemba ndi zithunzi zokhudza miyambo yachinsinsi sizitsegulidwa kwa aliyense popanda chilolezo cha eni ake.

Funso lakuti ndani amalankhula ndipo ndani amamvedwa silinathe. Boma linapepesa pa 13 Febuluwale 2008, kudzera mwa nduna yaikulu Kevin Rudd, chifukwa cha ana amene analandidwa kwa makolo awo. Koma pa 14 Okutobala 2023, pamene dziko linafunsidwa ngati m'malamulo aakulu mukhazikitsidwe bungwe la Aaborijini ndi anthu a kuzilumba za Torres Strait lolangiza nyumba ya malamulo, ovota pafupifupi 60 pa 100 alionse anakana, ndipo panalibe chigawo ngakhale chimodzi mwa zigawo zisanu ndi chimodzi za dzikolo chimene ovota ake ambiri anavomereza. Ku Wadeye, tauni ya Aaborijini ya mu Northern Territory imene inakula pa mishoni ya Port Keats, yomwe Stanner anaperekeza wansembe Richard Docherty kukaitsegula mu 1935, ovota oposa 90 pa 100 alionse anavomereza.